Mpata wa Thiraki

14 Okutobala

Okondedwa Achimwene,

Ndiyambe ndi kunena kuti bambo ali moyo, ali bwino, ndipo pomwe ndikulemba pano akukangana ndi mayi za sizasi yomwe aisowetsa okha. Tsopano khalani pansi muwerenge zotsalazo.

Njinga munawagulira ija kulibenso. Lachiwiri lapitalo ankakapereka mayunifolomu omwe anasoka, atawamanga pakaliyala. Pamphambano ya pafupi ndi fakitale anapeza thiraki yaitali ikuyenda pang'onopang'ono, kenaka inapatukira kumanja n'kusiya mpata kumanzere. Mukuwadziwa bambo anu, telala woti msewu wonse umamuvulira chipewa. Iwo anaona ngati dalaivala wawazindikira ndipo akuwapatsa njira. Analiza belu kuthokoza, n'kulowa mumpatamo, osadziwa kuti thiraki imayamba yapita kunja kuti ikhote bwino. Itakhotera kumanzere, mateyala akumbuyo anadula kona, mpata uja n'kutsekeka. Mayi wina wogulitsa nthochi ndiye anawakoka jekete, onse awiri n'kugwera m'ngalande. Njinga inatsala ngati chitini chopondedwa.

Anangosupuka chigongono, koma pakamwa sipanasupuke. Sabata yonse nyimbo inali yoti dalaivala anawaona ndipo anachita dala. Mantha anga anali pamenepo, chifukwa munthu wosaona pomwe analakwa, mawa abwereka njinga n'kukalowanso pomwepo.

Dzulo dalaivala uja anabwera kudzawazonda, munthu waimvi, wooneka kuti sakuona tulo. Bambo atamulalatira mpaka kukhuta, iye anangopempha kuti tipite komwe amaimika thirakiyo. Kumeneko tinawakweza bambo pampando wake, ine anandiimika pambali, pamalo pomwe panali njinga tsiku lija. Ndinawamva ali m'mwambamo akufunsa kuti ndalowera kuti.

"Mwana wanu ali pompano, mdala," anatero dalaivala. "Yang'anani m'magalasi onse."

Ndinakweza dzanja, ndinavula mpango n'kumaugwedeza, koma sanandione. Kenaka bambo anatsika. Anandigwira pamkono mwamphamvu ngati kamwana kowoloka msewu, ndipo sanandisiye mpaka kunyumba. Panjira thiraki ina itayandikira kona, anaima patali n'kundikokera kumbuyo kwawo. Ndinalira, achimwene, koma kunali kulira kwa munthu amene watula katundu.

Ngati mungathe kuwapezera njinga ina, apezereni, tsopano sindikuopa. Wanthochi uja bambo akumusokera diresi, ndipo amupima kale kawiri poti akufuna lisakhale ndi pokhota.

Mayi akupereka moni kwa inu ndi alamu. Bambo anandiletsa kukuuzani zonsezi, ndiye mukamayankha mungofunsa za chigongono ngati mwachita kulota. Nawonso akuti moni, ndipo moni umenewu ndaulemba pang'onopang'ono, pokumbukira kuti kalata ino ikanatha kukhala ya uthenga wina.

Ndine mlongo wanu,
Mzime