Mapiritsi Odikira Basi ya ku Joni

Lolemba, 2 Disembala
Ndayambanso kusamba. Mawa ndiyamba mapiritsi a dokotala wa ku Mzuzu aja, okhwimitsa dzira. Akuti limodzi patsiku. Limodzi! Zaka zitatu pabanja, digiri ya zaulimi ili pakhoma, mimba zii. Mwamuna wanga Zondwayo akuti anyamuka ku Joni Lachisanu.

Lachinayi, 5 Disembala
Dzulo ndinamwa awiri, leronso awiri. Mwamuna wobwera kamodzi pachaka, ine ndizichita kunyambita mankhwala? Sindinauze munthu. Pa Boma pano ndingauze ndani?

Lamulungu, 8 Disembala
Basi yafera ku Tete. Apongozi aimba kuchokera ku Jenda: "Mkamwana, ng'ombe za lobola zija zabereka kawiri kwanuko." Anaseka. Ine ndinati yewo amama, kenako ndinakalirira kubafa, mpopi uli wotsegula.

Lachitatu, 11 Disembala
Zondwayo wafika, ndi firiji yaikulu ngati chitseko cha tchalitchi. M'mimba mwanga mwatupa, mukubaya kumanzereku. Sindinamuuze, angayambe kundimvera chisoni nthawi n'kutha.

Lamulungu, 29 Disembala
Wabwerera. M'nyumba mukulira firiji yokha.

Lolemba, 6 Januwale
Mizere iwiri pa kachipangizo koyezera! Ndamuimbira, wakuwa mpaka abwana ake amudzudzula. Akuti tisauze amayi kaye. Ndavina ndekha pabalaza.

Lachisanu, 31 Januwale
Ndinapita kwa alimi a ku Luwawa pa njinga yamoto ya kuntchito. Ndikufuna lipoti langa lifike loyamba, andikweze chaka chino. Msewu wake mabampu okhaokha. Pobwera ndapeza timadontho ta magazi.

Lachiwiri, 4 Febuluwale
Kuchipatala. Sisitala Martha anayendetsa makina pamimba nthawi yaitali. Kenako anati, "Mitima ndi iwiri. Wina ukugunda bwino, winawu ukuchedwerako." Anafunsa za mapiritsi. Nditawauza, anavula magalasi.

"Asisi, inu ophunzira chomene, feteleza mumauza alimi kuti azithira mmene afunira? Mimba ya mapasa siyofanana ndi zina. Njinga ija muiwale, ndipo ndizikuonani pafupipafupi."

Ndinafunsa ngati wamng'onoyo akhale ndi moyo. Anati sakudziwa. Palibe akudziwa.

Foni ya Zondwayo sikupezeka.

Njinga ndaisiya pansi pa mtengo kuchipatala komweko, kiyi ndikapereka mawa. Akabaza amandiitana, "Tiyeni madamu, tikufikitseni msanga!" Ndakana. Ndayenda wapansi mpaka kunyumba, pang'onopang'ono, dzanja lili pamimba.