Chule Amene Ndinamugulitsa

Achemwali anga a Sukayna,

Mtendere wa Allah ukhale nanu kumeneko ku Basra. Kodi mwendo uja unaphwa? Nanga ka Zubayda kanaleka kutsokomola? Ine kuno ku Wasit thupi lili bwino, koma nkhani imene ndikulembayi yandiima pakhosi ngati munga wa nsomba.

Mukudziwa chimene amuna anu a Nuaym anamangidwira. Iwo pokhala oyang'anira ngalande, anaimirira pabwalo n'kuuza mfumu pamaso kuti madzi amene ikupatutsira kumunda wake wa maluwa aumitsa kanjedza wa anthu. Zoona zokhazokha, koma mfumu siuzidwa choncho anthu akumva. Langizo timaliveka chikopa cha nyama, kuti ikasintha maganizo zioneke ngati nzeru ndi zake. Imeneyo ndiye ntchito imene ine, wonena nthano wa mfumu, ndimadyera. Munandilembera kuti lilime langali liwombole alamu anga, ine n'kulonjeza modzigunda pachifuwa.

Lachisanu lapitali atatha mapemphero a swala, mfumu inaitanitsa nthano. Ndinasankha yakale ija ya mkango umene unali ndi chitsime. M'chitsimemo munkakhala chule amene ankalira madzi akayamba kutsika. Fisi, amene ankamwa mobisa, anauza mkango kuti phokoso la chule likunyozetsa ufumu, ndipo mkango unamupirikitsa. Mathero ake mukuwadziwa: chitsime chinauma mwakachetechete, ana a mkango n'kufa ndi ludzu, mkango n'kumalira chule wake.

Achemwali, ndinaikamba bwino. Ndinalira ngati chule mpaka mfumu inapukuta misozi ya chiseko. Ndiye inaweramira kutsogolo n'kundifunsa kuti zinatha bwanji.

Pamenepo nduna yaikulu, a Abu Ghalib, omwe aja ananeneza a Nuaym, anali kuswa chipatso cha khangaza. Anangoleka kutafuna n'kundiyang'ana. Ndinakumbukira kuti pantchitoyi anandiika ndi iwowo, ndi kuti wonena nthano amene ndinamulowa m'malo palibe akudziwa kumene ali. Ndinangodzimva ndikunena kuti chule atachoka, madzi anayera, pachitsime panakhala bata, mkango unagona tulo tabwino.

Ndi pakamwa pangapa, achemwali. Palibe anandikakamiza.

A Abu Ghalib anayambiranso kutafuna. Mfumu inavula mkanjo wake wobiriwira n'kundiveka yokha, anthu akuyamikira. Ikumanga chingwe cha pakhosi, inandinong'oneza kuti, "Nthano imeneyi aphunzitsi anga anandiuza ndili mwana. Sithera pamenepo. Ndimadikira kuti unditsegulire khomo, iwe walitseka."

Itatero inagamula kuti a Nuaym apite kokakumba mchere kumadambo, ndipo asadzapondenso m'mzinda muno. Chimene mfumu yanena pabwalo sichibwezedwa.

Paja wolandira mkanjo wa mfumu amayenera kuyenda nawo mumsewu kuti anthu awone. Kuuvula msanga n'kunyoza. Ndiye ndakhala ndikuzungulira nawo ngati tambala, ogulitsa mkate akundiweramira, ena akundifuulira kuti lilime la Hammad labala. Mkazi wanga yekha, atamva zoona zake, anandifunsa ngati mkanjowo sukundiyabwa. Kuyambira tsikulo amangondiikira chakudya n'kutuluka.

Dzulo ndinapita kumtsinje kumene amakweza akaidi m'bwato. Ndinkafuna kubisala kumbuyo kwa anthu, koma nsalu yobiriwira chonchi ibisika bwanji? A Nuaym anandiona. Aonda, ndevu zayera, m'miyendo muli unyolo. Anagwira mpendero wa mkanjowu ndi manja awiri, nkhope ikuwala, n'kunena kuti, "Alamu, mwagwira ntchito. Pakanapanda inu akanandidula mutu. Mukauze Sukayna kuti ali ndi mlongo."

Ine ndinagwedeza mutu kuvomera. Bwato linanyamuka iwo akundidalitsabe.

Uthenga wawo ndi umenewo, ndaufikitsa. Wangawu ndi wakuti amuna anu akanakhala pakhomo lero akudya ndi ana awo, koma mlongo wanuyo anawasinthanitsa ndi nsalu. Manyazi andipha ndikuyenda. Sindikupempha kuti mundikhululukire, mawu amenewo sindingawakwanitse. Ndikupempha chimodzi: mukamawatumizira zovala ndi zipatso za kanjedza kumadamboko, muganize nokha ngati ayenera kudziwa. Kumchereko munthu amakhala ndi moyo chifukwa cha zimene akukhulupirira, ndipo ine ndawalanda kale zambiri. Mukaona kuti adziwe, ndipita ndekha kukawauza, pamaso, popanda nyama iliyonse.

Allah akusungeni ndi kukulimbitsani mtima. Mundiperekere moni kwa apongozi anu ndi azakhali a Rayta. Ana muwapsompsone, koma akapempha nthano ya amalume awo ija ya chule, muwauze ndinu, ndipo muimalize bwino.

Ndine mlongo wanu, ngati mukadandiwerengabe,

Hammad mwana wa Suhayl