Pabotolo Analemba Kuti Madokotala Anawayesa

Aphungu,

Ndikulemba mtima ukuwawa, ndipo sindikufuna zondipepesa ayi. Ndikufuna mundiuze amene walakwa.

Ndine mayi wa zaka 44. Mlongo wanga Marouane ndinamulera ndine, mayi athu atamwalira iye ali wamng'ono. Chaka chino wapeza mkazi woti amange naye banja, Ghita, mwana wa mayi Lalla Zhor. Popeza mayi kulibe, mathireyi a mphatso opita kwa mkwatibwi ndinakonza ndine: nsalu, shuga, hina wokongoletsera manja, nsapato ndi zonunkhira. Pa thireyi la zodzola ndinaikapo botolo la mafuta a kunkhope.

Sindinangotola mwachisawawa, Aphungu. Ndinaima m'sitolo ya Si Bouchta mpaka miyendo kuwawa, ndikuwerenga. Pabotolo analemba kuti madokotala a khungu anawayesa, kuti ndi achilengedwe, kuti sayabwa, komanso kuti sanayesedwe pa nyama. Panalinso chithunzi cha bambo wovala chovala choyera cha kuchipatala. Si Bouchta anati, "Mayi, awa ndi akunja awa. Akwatibwi onse a chaka chino akudzola omwewa. Masiku asanu okha, nkhope mbee!" Ghita ndi woderako, ndiye ndinkati ndikumuthandiza kuti adzaoneke bwino pazithunzi.

Lachitatu lapitali abale ake anapita naye kukasamba ku hamamu, nyumba yosambiramo ya nthunzi, monga amachitira ndi mkwatibwi aliyense. Anamukhula thupi lonse ndi sopo wakuda ndi kansalu kokhakhala. Atangotuluka m'nthunzi, nkhope idakali yofiira, azakhali ake anati, "Dzola zochokera kuchimuna, aone kuti wawalemekeza." Mukudziwa inunso kuti za pathireyi la apongozi munthu sazikayikira. Mtsikanayo anadzola zambiri ndithu. Pofika kunyumba nkhope inali moto. Kutacha zikope zinali zitatupa, m'masaya muli matuza okhaokha. Ukwati umene umayenera kuchitika Loweruka auimitsa.

Ndinathamangira kwawo bokosi la mafutawo, limene linatsala kwanga, lili m'manja. Lalla Zhor sanandilowetse. Anaima pakhomo n'kukuwa, oyandikana nawo akumva, "Mumafuna kumusenda mwana wanga ngati mbatata kuti afanane ndi a kwanu? Bwanji osangonena kuti khungu lake silikukusangalatsani!"

Ndinati, "Lalla, tawerengani nokha apa, madokotala anawayesa."

Iwo anati, "Ndiye pitani mukawatenge madokotala anuwo, adzakhale pampando wa mkwatibwi."

Koma chondipweteka koposa ndi Marouane. Anangondifunsa kuti, "Achemwali, anakutumani ndani? Ine ndinadandaulapo za khungu lake?" Chiyambire tsiku limenelo sakuyankha foni yanga. Ndamva kwa ena kuti ukwati ukadzachitika, ine ndisadzapondeko. Ine! Ine amene ndinasiya sukulu kuti iye aphunzire, lero ndasanduka mfiti chifukwa cha botolo. Naye Si Bouchta wangokweza mapewa, akuti ena onse sanapse, lovuta ndi khungu la mtsikanayo.

Kodi pabotolo angalembe bodza? Ndikufuna kujambula mawu onsewo nditumize kwa abale a mbali zonse ziwiri, aone okha kuti ndilibe mlandu.

N.B., Meknes

Amayi N.B.,

Chithunzicho musatumize. Sichikupulumutsani, chingowonjezera anthu okusekani.

Opanga zinthuzi kawirikawiri salemba bodza loti mungawagwire nalo. Amangolemba mawu opanda kanthu mkati. Akati madokotala anawayesa, sakukuuzani kuti anayesa pa anthu angati, kwa masiku angati, kapena kuti anapeza chiyani. Mwana amene walephera mayeso nayenso amakhala kuti anayesedwa. Akati ndi achilengedwe, kumbukirani kuti tsabola nayenso ndi wachilengedwe, koma simumupaka m'maso. Zoti sayabwa ndi lonjezo la wogulitsa chabe, chifukwa palibe mafuta amene amagwirizana ndi khungu la munthu aliyense. Zoti sanayesedwe pa nyama ndi nkhani yabwino kwa mbewa, koma sizikunena kalikonse za nkhope ya Ghita. Bambo wa pachithunzi uja musamuwerengere n'komwe. Ogulitsa nyama nawonso amavala zoyera.

Munaima nthawi yaitali mukuwerenga kutsogolo kwa botolo, pamene zofunika zimakhala kumbuyo. Litembenuzeni bokosilo. Pali mndandanda wa zimene anasakaniza? Pali dzina ndi adiresi ya wopanga, nambala ya gulu la katunduyo, ndi tsiku lothera ntchito? M'kalata yanu simunatchule chilichonse mwa izi, ndipo zandidetsa nkhawa. Mafuta olonjeza kuyeretsa munthu m'masiku asanu nthawi zambiri amakhala ndi mankhwala aukali amene sawalemba poyera.

Ngakhale akanakhala mafuta abwino, chinthu chatsopano sadzola pankhope imene yangokhulidwa kumene. Amayamba kupaka pang'ono mkati mwa mkono, n'kudikira masiku angapo kuti aone ngati payabwa kapena kufiira. Apa azakhali a Ghita nawonso analakwitsa, koma pakamwa panu pasatuluke zimenezo.

Lero lomwe, bokosi muli nalolo lifike kwa Marouane, ngakhale kudzera mwa munthu wina. Ghita akaonane ndi dokotala weniweni wa khungu, atatenga bokosilo ndi botolo lake. Asapakenso kanthu kena kuti aziziritse, kaya mandimu, uchi kapena mafuta ena a mnzake, asaphulitse matuzawo, ndipo apewe dzuwa. Akamufunsenso dokotalayo kumene amakadandaula za katundu wotere. Si Bouchta asiye kukweza mapewa, chifukwa mabotolo ena adakali pashelefu yake ndipo akwatibwi sanathe.

Tsono munandifunsa amene walakwa, ndipo ndikuuzani mosabisa. Lalla Zhor sanakwiyire zolembedwa pabotolo. Tinene kuti mafutawo sanamuwotche. Ghita akanavundukulabe thireyi la kuchimuna pamaso pa amayi onse a kwawo, n'kupezamo uthenga wanu woti khungu lake likufunika kukonzedwa asanalowe m'banja lanu. Wogulitsa anakunamizani za mafuta, inde. Koma maganizo oti mtsikanayo ndi woderako munapita nawo nokha kusitolo. Ndikudziwa kuti munamulera Marouane movutika, ndipo palibe angakulandeni zimenezo. Koma amene watupa nkhope si Marouane, ndipo m'kalata yanu yonse simunafunse ngati Ghita achira.

Mupepese kwa Ghita mwiniwake. Ngati sakulowetsani, mulembereni kalata yaifupi. Musatchulemo madokotala, azakhali kapena Si Bouchta, ndipo mawu akuti "koma" asapezekemo. Muuzeni kuti munalakwa kuganiza kuti nkhope yake imasowa kanthu.

Chenjezo langa ndi ili. Khungu likapsa chonchi, nthawi zina limasiya mabanga akuda amene amatenga miyezi kuti azimiririke. Padzapezeka wina wonong'ona kuti akudziwa mafuta ena ochotsa mabanga. Munthu ameneyo asadzakhale inu, ngakhale pabotolo patalembedwa mayina a madokotala khumi.

Ndipo konzekani, mwina ku ukwatiko sadzakuitanani ndithu. Akatero musadzakakamire pakhomo kapena kutuma akuluakulu kuti akakudandaulireni. Ukwati ndi tsiku limodzi. Ghita azidzionera pagalasi m'mawa uliwonse, ndipo ndi iyeyo, osati mlongo wanu, amene adzanene tsiku loti mulowe m'nyumba mwawo.

Aphungu