Poto wa a Esinati

Achemwali anga okondedwa,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno ku Makhanga tilipo, ndipo amayi mwendo uja wasiya kutupa. Koma ine mtima suli m'malo.

Loweruka lapitali a Esinati, atelala a ku Bangula, anatitsekulira nyumba yawo. Tinasonkhana ife amene timakondana akazi okhaokha kapena amuna okhaokha, kukondwerera zaka zisanu za ine ndi Rute. Anatseka mawindo, tinavina dzuwa likuswa mtengo. Amayi ndinawanamiza kuti ndikupita ku mapemphero.

Potsanzikana, a Esinati anandipatsa mlamba wotsala m'poto wawo. Mukudziwa kuti poto wa eni sabwerera wopanda kanthu. Nanga ndiikemo chiyani, achemwali, chothokozera munthu amene akanatha kumangidwa chifukwa cha ife? Mbuzi ndiyo ikuyenera, koma m'bwato, powoloka mtsinje kupita ku Bangula, aliyense afunsa kuti ndi malowolo a yani. Nsalu ali nazo zambirimbiri.

Ndili mkati moganiza, dzulo amayi atsuka poto uja, adzazamo nyemba, amanganso nkhuku miyendo. Akuti, "Lachisanu tipitira limodzi, ndikawathokoze ndekha, andilembenso m'gulu lawo la mapempherolo."

Ndinu nokha pabanja pathu mukudziwa za ine. Chonde, chonde, aimbireni foni amayi lisanafike Lachisanu, muwauze chilichonse choti asawoloke. Ndikapita nawo, a Esinati ndawagulitsa. Ndikawakaniza, afunsa chifukwa, ndipo ine bodza lina ndilibe.

Mulungu akusungeni. Nkhuku ija ili pakhonde pano, ikungondiyang'ana.

Ine mng'ono wanu,
Joyisi