Satifiketi Imene Sinanyowe ndi Mvula

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Nanga maso aja, mankhwala akuthandiza? Kuno tikudzuka, kungoti mayi a ana msana ukuwavutabe.

Achemwali, Lachiwiri lapitali ndinalandira satifiketi ya sekondale. Mudabwa, poti ndinakuuzani kuti ndinaipeza zaka makumi awiri zapitazo koma inanyowa denga litadontha. Linali bodza. Mayeso aja sindinalembe. Ndinafika pakhomo la holo, nditaona madesiki ali ndandanda, ndinabwerera. Masabata atatu ndinkavala yunifolomu n'kumakabisala kuseri kwa siteshoni ya basi. Inu mukachoka kochapa zovala za eni, manja atasupuka ndi sopo, munkafunsa kuti pepala la lero linali bwanji. Ndinkati linali lophweka.

Munasiya sukulu kuti ine ndipitirize, chonsecho masamu munkandiposa kutali.

Zaka zitatu zapitazo kuntchito anati woyang'anira nyumba yosungira katundu ngati ine azikhala ndi pepala. Ndinakalembetsa sukulu ya akuluakulu. Loweruka lililonse ndinkakhala m'kalasi ya ana, mawondo osalowa pansi pa desiki, anzanga akunditcha Agogo a Aljebra. Masamu ndinagwa ulendo woyamba, ndinabwereza.

Mayi ndinawaululira ali m'chipatala, kutatsala masiku anayi kuti atisiye. Anati ankadziwa kalekale, woyendetsa basi wina anawatsina khutu. Nditafunsa chifukwa chake sanandikalipire, anati, "Ndikanakukalipira, mlongo wako akanamva. Ndinkasunga mtima wake, osati wako. Umuuze wekha ine ndisanapite."

Sindinathe. Pamaliro munandigwira dzanja, mukuuza anthu kuti uyu ndiye wophunzira wathu.

Sindikupempha kuti mukondwere nane. Zaka zanu sindingazibweze, ndikudziwa. Satifiketiyi ikadali mu envelopu, pansi pa malaya m'sutikesi. Ana akufuna tiipachike pabalaza, ndawakaniza. Ndikufuna muyambe mwaigwira inu, ngakhale mutaiponya pansi.

Mukandilola, ndibwera tchuthi chikubwerachi. Mukakana ndimva, ndipo ndidikira.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Mulungu akusungeni, achemwali. Ndikhululukireni.

Ndine mlongo wanu,
Mzime wa mayi