Mzere Wachisanu ndi Chiwiri pa Fomu ya Khoti

Lolemba, 7 Malichi 1983

Foni kasanu lero. Awiri a makadi a ngongole, awiri a banki ya galimoto, mmodzi wa kampani ya maliro. Womalizayo anapeza Marjorie. Kufunsa mwana wa zaka zisanu ndi zinayi kuti amayi ako amalandira liti! Ndinalanda foni n'kumutukwana m'Chichewa. Iye n'kumangoti sanamve.

Miyezi isanu ndi iwiri chimwalirireni William. Kutumiza thupi ku Ntcheu, madola 6,400: bokosi, ndege, matikiti athu awiri. Sindinong'oneza bondo. Mwamuna wanga sakanagona m'chisanu muno ngati wopanda kwawo. Koma lendi ya ku Greenbelt sidziwa namfedwa.

Pepala lochokera kukhoti ku Upper Marlboro. Akufuna kuyamba kudula malipiro anga.

Lachinayi, 10 Malichi

Kwa loya. Anandilozera ndi Mutinta, mnzanga wa ku Zambia amene timachapa naye zovala kuchipatala. "Iwe Lenifa, osamvela nsoni, kuno na bolemela bamachita so."

Loyayo ndi kamunthu kowonda, kolankhula ngati kakuthamangira basi. Akuti pali lamulo, Chaputala 13. Mapepala akangolowa kukhoti, onse ondikongoza aime. Foni ayi, makalata ayi, kulanda galimoto ayi, kudula malipiro ayi. Kenako ndizilipira pang'onopang'ono kudzera kukhotiko, zaka zitatu. Koma ndilembe aliyense amene ndili naye ngongole, molumbira. "Ngakhale mchemwali wako," anatero.

Mizere isanu ndi umodzi inadzaza yokha. Pa wachisanu ndi chiwiri cholembera chinaima. Mayi Ludoviko, madola 1,200.

Ndi mayi wamkulu wa kutchalitchi kwathu. Anabwera kalekale kudzalera ana a ku embase, pano amakolopa m'maofesi. Tsiku lachiwiri la maliro anandikokera kubafa n'kundipatsa envulopu, ndalama zimene ankasungira malata a nyumba yawo ku Zomba. "Udzabweza ukapeza, mwana wanga." Popanda pepala, popanda mboni.

Ndinaopa lumbiro. Ndinalemba, ndi adiresi yomwe. Ndimayesa zingokhala m'kabati mwa loya. Sindinafunse.

Lachiwiri, 15 Malichi

Mapepala alowa. Foni zii tsiku lonse. Ndadya nditakhala pansi, koyamba chaka chino. Marjorie akuti ndaseka. Mwina.

Lamlungu, 20 Malichi

Ndimati ndiwauze Mayi Ludoviko tikatuluka m'mapemphero. Anthu mbwee pakhomo, iwo akugawa zitumbuwa, akundifunsa ngati Marjorie wasiya kutsokomola. Ndiyambira pati? Sabata yamawa.

Mafuta a galimoto madola 9. Nsapato za mwana zidikire.

Lamlungu, 27 Malichi

Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Mayi Ludoviko anakhala mbali ina ya tchalitchi. Popatsana moni dzanja lawo linandidumpha. Edness wa kwaya ndiye anandinong'oneza. Khoti latumiza kalata kwa aliyense wa pamndandanda uja. Yawo inafika Lachitatu, ya chidindo. Chingerezi cha maloya sachimva bwino, ndiye anapita nayo kwa a Chakufwa, mkulu wa mpingo, kuti awawerengere. Akazi awo ali pomwepo.

Kalatayo ikuti ndi mlandu kundiimbira, kundilembera kapena kundifunsa za ndalama.

"Ndinamufunsapo liti ine?" Akuti mayiwo anangonena zomwezo, kawiri, n'kupinda kalata.

Tsopano mpingo wonse ukudziwa kuti Lenifa watengera mayi wokalamba kukhoti. Kunena zoona, ndikanamva za wina, nanenso ndikanagwira pakamwa. Manyazi andigwira mpaka m'mafupa.

Lachitatu, 30 Malichi

Ndaimbira loya pa nthawi ya nkhomaliro. Kodi dzina lija lingachoke? Ayi. Nanga ndiziwapatsa makumi asanu pamwezi kumbali? Ayi, ndiye kukondera, mlandu wonse ungagwe. Iwo adzalandira limodzi ndi a makadi, masenti 30 pa dola.

Akuti ndingowafotokozera kuti ndi fomu chabe, aliyense amalandira. Aliyense! Munthu amene anagona pansi m'nyumba mwanga masiku anayi a maliro, iye akumuika thumba limodzi ndi banki. Sindimuda. Kwawo sadziwa zimenezi. Wolakwa ndine, wodziwa.

Lamlungu, 3 Epulo. Pasaka.

Ndinagula nkhuku n'kupita kwa Mayi Ludoviko. Anatsegula chitseko tcheni chili chomangirira.

"Boma landiletsa kulankhula nanu, Mayi Kachingwe."

Chidziwireni ndine Lenifa, iwe, mwana wanga. Lero Mayi Kachingwe. Ndinayamba kufotokoza za loya, za lumbiro. Anamvetsera mpaka ndinatha, n'kutseka pang'onopang'ono. Nkhuku ndabwerera nayo. Ili m'firiji.

Lachiwiri, 19 Epulo

Msonkhano wa ondikongoza. Kachipinda ka mipando ya chitsulo, bambo wa khoti patebulo ndi makina ojambula mawu. Loya anali atandiuza kuti nthawi zambiri sikubwera munthu. A makadi sanabwere. A maliro sanabwere. Kamnyamata ka tayi kochokera kubanki ya galimoto, basi.

Ndi Mayi Ludoviko.

Mpando wakutsogolo, bulauzi yoyera ya Mvano, duku loyera, kalata ija m'manja. Mabasi awiri, ndi tsiku la ntchito lotayika. Pakalatapo panali tsiku ndi malo, ndiye iwo anati boma likaitana sukana.

Ndinalumbira. Mafunso: malipiro, lendi, galimoto. Ndimayankha maso ali patebulo. Kenako bambo uja anafunsa ngati pali wokongoza amene ali ndi mawu.

Mayi Ludoviko anaimirira. Chingerezi chawo chapang'onopang'ono chija, chosagwedera. Anati dzina lawo laikidwa pamndandandapo molakwa. Anati ndalama ija sinali ngongole, chinali chipepeso, ndipo anafotokoza kuti kwathu munthu akaferedwa timaponya kangachepe m'mbale. "Maliro sitikongoza," anatero. Bamboyo anafunsa ngati akutanthauza kuti safuna kulandira kanthu. Anati inde. Analemba. Sizinathe mphindi ziwiri.

Ine ndikudziwa zimene ananena kubafa kuja. Iwonso akudziwa.

Panja ndinawathamangira. Ndinagwada pa simenti pomwepo, azungu akudutsa.

"Dzuka, ukuchititsa manyazi. Ndalama si kanthu, Lenifa. Koma iwe pakamwa ulibe? Mavuto ako ndimve kwa a Chakufwa?"

Ndinati ndiwaperekeze pa galimoto. Anati tikiti ya basi agula kale.

Lachisanu, 22 Epulo

Loya wasangalala. Mzere umodzi wachoka, ndiye ndizilipira 138 pamwezi m'malo mwa 148. Galimoto ikhala. Malipiro sadula. Akuti ndili ndi mnzanga wabwino.

Ndinamufunsa ngati zaka zitatu zikadzatha ndingawabwezere yonse, 1,200. Akuti palibe choletsa, ndalama idzakhala yanga.

Ndinatuluka mtima utapepuka. Ndafika pa loboti ya pa msewu wa Kenilworth m'pamene zinandilowa. Anati chipepeso, pamaso pa anthu, makina akujambula. Chipepeso sichibwezedwa. Kupita nacho pakhomo pawo ndiye kuwauza kuti maliro a William sanawakhudze. Kuwatukwana kachiwiri.

A makadi ndidzathana nawo mu 1986. Iwowa ayi.

Wa kumbuyo anaimba hutala kawiri ndisanaone kuti loboti yasintha.