Timitengo Toimika mu Mpunga wa Weiping

Okondedwa Azakhali a Shufen,

Ndikhulupirira mwendo uja wasiya kuwawa. Ine ndili bwino. Kuno ku Chongqing ndaona milatho yake yonse, ndipo ndakugulirani nsalu yofiira.

Dzulo masana, ndikulawa tofu wa tsabola, chakudya chija cha soya, mumsewu, ndinaona mwamuna wanga Weiping, uja amati ali pa ntchito ku Shenzhen, akuuzira msuzi wa mkazi wina kuti uzizire. Za mimba ya mkaziyo tidzakamba.

"Qiaolan, takhala pansi tikambirane," anatero Weiping atandiona.

Ndinatenga timitengo take todyera n'kutizika chilili mu mpunga wake, monga timachitira popereka nsembe kwa akufa.

"Idyani, malemu," ndinatero.

Mukawauze apongozi kuti ndawagulira kale nsalu yoyera yolirira mwana wawo.

Ndine mwana wanu,
Qiaolan